Munthu Amene Anasoka Bwato

Ulisses António anathawa nkhondo, nakhala ku Malawi zaka zisanu ndi ziwiri, n'kubwerera kwawo kudzera pachipata cha Zóbuè ali ndi miyendo yake yonse. Mwendo anadzautaya nkhondo itatha. Analowa m'tchire ku Moatize kukafuna mtengo wosema bwato, ndipo anaponda bomba limene asilikali anakwirira.

Munda wake unali tsidya lina la mtsinje wa Revúbuè. Mkazi wake Felicidade anadzala chimanga madzi a mumtsinjemo akulekeza m'mawondo, koma mvula itagwa mtsinje unadzaza. Chimanga chinkakhwima iwo akungochionera patali, anyani akudyerera. Chakudya chawo chonse cha chaka chimenecho chinali m'mundamo.

Ulisses ankafunabe bwato, koma m'tchire sakanabwereranso. Anatola matabwa opyapyala a mabokosi amene munkabwera katundu wa othawa nkhondo, nakumbukira zimene anaona kwa mmisiri wina ku Malawi: kuboola timabowo m'mphepete mwa matabwa, kuwasoka ndi waya, kenako kumata msokowo ndi guluu ndi nsalu yolimba. Guluuyo anamupatsa ndi mlamu wake wa ku Tete.

Anthu anaseka. "Bwato amasema, sasoka. Mukufuna kukwera kapena kuvala?"

Ndipo zinkaoneka ngati akunena zoona. Thabwa loyamba linasweka, lachiwiri linapindika ngati chikopa chouma padzuwa. Ulisses ankapota waya aliyense mwamphamvu kuyambira kutsogolo, ndiye pofika pakati matabwa ankakana kukumana. Anatsala ndi okwanira kuyesa kamodzi basi.

Felicidade, amene ankasoka madiresi kumsasa wa othawa nkhondo, anaima n'kuyang'anitsitsa.

"Bambo a Délcia, mukusoka ngati munthu wokwiya," anatero. "Lowetsani mawaya onse molekerera kaye. Kenako muzikoka pang'onopang'ono, uku ndi uku."

"Thabwa si nsalu, mayi."

"Msoko ndi msoko."

Anamvera monyinyirika. Abale anga, zimene zinachitika mpaka lero zimandizizwitsa. Matabwa amene anali gone pansi aja anayamba kudzuka okha, kupindika bwinobwino, kukumana popanda kuwakakamiza. Bwato linaonekera pamaso pawo. Ulisses anaika pansi pulayala yopotera waya.

Guluu atauma, oseka aja anabwera kumtsinje kudzaona bwatolo likumira. Felicidade anakhala kutsogolo. Ulisses anagoneka ndodo zake zoyendera m'kati nagwira nkhafi. Pamadzi palibe amene amafunsa kuti uli ndi miyendo ingati. Anapalasa mpaka tsidya, m'bwato muli mouma gwa.

Anyani anali atadya gawo lawo, koma chotsalacho anachiwolotsa maulendo asanu ndi anayi. Chaka chimenecho mwana wawo Délcia sanagone ndi njala.

Inunso ngati zanu zikungosweka, mwina mukukoka kwambiri mbali imodzi. Masulani pang'ono, mverani amene ali nanu pafupi, muyambirenso. Osataya mtima msoko usanathe.