Mimba Yanga Chaka cha Chimanga Chachikasu

Bokosi la kanema la amalume linkakhala pamwamba pa diramu, lofunditsidwa chitenje chobiriwira kuopa fumbi. Tsiku limene analivundukula koyamba ndikulikumbukira bwino, ndipo amene analipo ndiwatchula onse kuti wina asadzati ndikunama. Analipo amalume eni ake, atamanga tayi pa dzuwa la Okutobala. Analipo amayi, atakhala pansi pafupi ndi khomo. Analipo aphunzitsi athu a giledi sikisi, amene anapatsidwa mpando umodzi wokhawo. Analipo asikauti awiri oteteza nyama zakuthengo, anzawo a atate, anyamata a m'kalasi mwathu, ndi mtsikana wina wa pasukulu pathu, wamtali, wa mpata kumano, mwana wa msodzi wa kutsidya kwa mtsinje wa Lupande. Atate panalibe, anali kuthengo kulondera nyama. Ine ndinalipo, kutsogolo kwenikweni, ine ndi mimba yanga.

Inde, ndinali wonenepa. Sindibisa. Koma mumve chaka chake. Chinali chaka chimene mvula inakana, mapira anapsa ali m'mawondo, anthu n'kumadikira chimanga chachikasu cha thandizo. Anzanga onse nthiti zinali pamtunda. Ife a pa kampu ya asikauti thumba la ufa linkabwera mwezi ndi mwezi chifukwa cha ntchito ya atate. Ndinali ndi zaka fotini, masaya ngati maungu, kabudula wosatseka batani.

Amalume anagwirako ntchito yophika kwa mphunzitsi wina wa ku India ku Chipata. Bwanayo pobwerera kwawo anawasiyira kanema, makina a matepi ndi matepi atatu. Awiri makina anawatafuna, inatsala imodzi. Ana a masiku ano akuti chinenero chake chinali Chitamilu kapena Chitelugu. Ife tinkangoti Chimwenye. Amalume ankaima pambali pa bokosi ndi kandodo n'kumamasulira, ati anachiphunzira kukhitchini. Bodza! Munthu uja ankadziwa mawu a mchere ndi anyezi basi. Zina zonse ankapeka.

Anatseka mazenera ndi masaka, jenereta n'kulira panja, mkati fungo la petulo ndi thukuta. Filimuyo inali ya mwamuna wonenepa, wa ndevu za pamlomo, wogulitsa maswiti, amene anakonda mtsikana wa tsitsi lofika m'chiuno. Akakhala pampando, mpando uthyoka. Akakwera njinga, tayala liphulika. Nyumba yonse inkagwa ndi phwete, koma maso sanali pa bokosi ayi. Anali pa ine. Aphunzitsi anakweza mawu nati, "Ameneyu tili naye kale m'kalasi, petuloyu mwangoononga!" Amalume anandigogoda pamutu ndi kandodo kaja: "Mvuu ya pa kampu!" Amayi anayang'ana pansi. Dzinalo linatuluka nane pakhomo tsiku lomwelo.

Kupatula amayi, mwa anthu onsewo mmodzi yekha sanaseke, mtsikana wa mpata kumano uja. Ine, chitsiru, ndinati ndiye kuti amandikonda.

Amalume ankaonetsa tepi yomweyo Loweruka lililonse masana, ndipo ine sindinkaphonya. Ndinailoweza. Pakati pa filimu wonenepa uja ankadzimanga chilamba chachikulu pamimba mkati mwa malaya, n'kusiya kudya mpaka kukomoka. Kumapeto ankaima pamvula pamaso pa anthu onse, n'kudula chilambacho, n'kumenya mimba ngati ng'oma, n'kuvina. Mtsikana ankathamanga kudzamuveka maluwa m'khosi. Apa amalume ankalankhula mawu aakazi, atagwira pachifuwa: "Akuti ndakukonda mmene ulili, bambo!" Mawu amenewo, kaya anali a m'filimu kaya a m'mutu mwa amalume, anandilowa ngati minga.

Ndinayamba ndi chilamba. Ndinadula chubu chakale cha njinga ya atate, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapita kuseri kwa chimbudzi n'kudzikulunga mphirawo katatu, kuyambira m'chiuno mpaka pansi pa mabere. Mukudziwa kutentha kwa chigwa chino mvula isanagwe. Pofika teni koloko mphira unkatentha ngati wachoka pamoto, khungu n'kusupuka. M'kalasi ndinkapuma pang'onopang'ono ngati nkhuku yodwala, ndikununkha tayala. Ndinamva kuti bwemba amasungunula mafuta, ndiye ndinkamwa madzi ake osathira shuga mpaka mano kuyayamira. Chakudya changa ndinkachibisa m'thumba la kabudula n'kukaponyera galu.

Amayi anandipeza tsiku lachisanu. Anathyola nthambi ya mtondo, ndipo pomenya ankangobwereza mawu amodzi: "Anthu akukumba mizu, iwe ukudyetsa galu?" Mpaka lero ndimati anandimenya pang'ono.

Kodi mimba inachepa? Ngakhale chala chimodzi! Kusukulu kunayamba kubwera phala la thandizo. Tikafola ndi makapu, aphunzitsi ankayenda pamzere n'kundikoka khutu. "Mvuu inadya kale kudambo." Ndinkaima pansi pa mtengo ndi kapu yopanda kanthu, njala ikundipweteka kuposa onse, poti m'mawa ndinali nditakana kudya. Mphunzitsi ameneyo anamwalira kalekale, ndipo ku maliro ake sindinapite. Ena amati ndikhululuke. Akhululuke iwo amene sanakokedwe khutu.

Milungu itatu itatha, mabala atazungulira chiuno, ndinaganiza kuti theka loyamba la filimu ndalimaliza, tsopano kwatsala lomaliza. Ndinkadziwa kumene mtsikana uja ankatunga madzi. Lupande anali ataphwa, akazi ankakumba maenje mumchenga n'kumadikira madzi kuti asefukire pang'onopang'ono. Ndinapita dzuwa lili pamutu. Panali akazi ambiri, ndowa zili pamzere, mchenga ukuwotcha mapazi. Iye anali atagwada pa dzenje, atabereka kamlongo kake ka tsitsi lofiirira, kamene sikankalira n'komwe.

Ndinaima pamwamba pa mulu wa mchenga. Ndinavula malaya. Ndinamasula mphira n'kuuponya kutali monga ankachitira mwamuna uja. Mimba inagwa panja yonse, ya mizere yofiira, yonyezimira thukuta. Ndinaimenya ndi manja awiri, ndikuimba Chimwenye changa chopeka, ndikugwedeza mapewa, mawu anga mpaka tsidya linalo. Mawu aakulu ndinabadwa nawo, amenewo sindinabwereke kwa munthu.

Ndinkayembekeza kusekedwa kaye, poti m'filimu namonso ankayamba ndi kuseka. Koma palibe anaseka. Akazi aja anangoima, zikho m'manja, akuyang'ana pamimba panga. Ndinavinabe. Mchenga wokha ndi umene unkamveka kumapazi.

Mtsikanayo anadzuka, nakonza kamwana kumsana, nabwera pafupi. Ndinati maluwa aja ndi amenewa. Anati, "Atate anga ali kundende ku Chipata chifukwa cha nyama youma ya njati. Anawamanga ndi atate ako. Ndiye wabwera kudzandionetsa kumene inapita nyamayo?"

Ndinati ife sitinadye nyama ya atate ake. Ndipo n'zoona, ndikulumbira mpaka lero, atate sankabweretsa nyama yolanda pakhomo. Iye sanatsutse. Anangoti, "Vala malaya, mwanayu akuona." Mayi wina anatapa mchenga wonyowa n'kundiwaza nawo kumaso. Ndinatola malaya n'kuyenda, osathamanga. Ndikufuna zimenezo zidziwike, sindinathamange.

Nkhani inafika pa kampu ine ndisanafike. Amalume anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo Loweruka lotsatira, wonenepa uja atayamba kuvina, anaimitsa tepi n'kuitana kuti ndibwere kutsogolo ndidzawathandize. Sindinalowenso m'nyumba imeneyo. Mtsikana uja sanabwerenso kusukulu. Mvula itagwa ndinamva kuti kamlongo kake anakaika.

Ndiye musandiuze za mafilimu amenewa. Amene anaipanga filimu ija anali atakhuta, ndipo ankaipangira okhuta anzake. Kwawoko mimba inali nkhani ya kukongola ndi kunyansa. Ine ndinatenga nkhani imeneyo n'kupita nayo kumchenga kwa anthu amene sanadye masiku awiri. Ndinkaganiza kuti amandida chifukwa ndine wonyansa, ndipo ndikalimba mtima adzandikonda. Sindinkadziwa kuti poyang'ana mimba yanga sankaona ine. Ankaona thumba la ufa likutsitsidwa pa kampu. Ngakhale aphunzitsi aja, kolala ya malaya awo inali itayamba kulendewera m'khosi, koma zimenezo maso a mwana sankaziwerenga.

Lero mimba ndili nayo yoposa ija, ndipo ndikafika pa msonkhano amandipatsa mpando. Palibe amene angandiuze kanthu za thupi langa.

Nkhaniyi ndinaifotokoza Lamulungu lapitali pakhonde, chifukwa mwana wanga wamkazi wotsiriza, amene ali giledi eyiti, wayamba kukana chakudya. Amangokhalira kuonera mafilimu omwewa pa foni ya mlongo wake, n'kumadzipanikiza ndi chitenje pamimba. Ndinamukhazika pansi, ndinamuuza zonse monga ndalemberamu, ndipo ndinamaliza ndi kumuuza kuti asiye zopusa, adye. Iye anangodzuka. Analowa m'nyumba.

Mwana wanga wamwamuna anatsala akupopa njinga. Anamaliza, natseka mpweya, nadzuka. Sanakweze mawu, iye sanatengere ine.

"Atate, nkhani yanu tamva. Koma foni musainamizire. Amene anayamba kumuitana mwanayu kuti Chidiramu ndinu, pachitsime, anzake onse ali pomwepo. Ndipo inu mukalankhula, mudzi wonse umamva."