Bambo Sali Pakhomo

Fungo la polishi wa nsapato limandichititsa mantha mpaka lero, ndipo mlendo wosekerera ine sindimutsegulira.

Nthawi ya Chitaganya tinkakhala ku Mbayani, amuna akungotengedwa kupita kundende ya ku Kanjedza. Tsiku lina masana kunatulukira msilikali, jombo zili waliwali. Bambo atamuonera patali anathawira m'nyumba. Msilikaliyo ananjuta pafupi nane, nandipatsa siwiti.

"Mwanawe, bambo ako ali pakhomo pano?"

Ndinali wa zaka zisanu. Sindinkadziwa kuti akulu akati pakhomo amanena nyumba yonse ndi bwalo lomwe. Kwa ine khomo linali polowera basi. Ndinacheuka, polowera panalibe munthu.

"Ayi, pakhomo palibe," ndinatero mwaulemu. "Ali kuseri kwa chitseko."

Msilikali anadzuka. Kunsi kwa chitsekocho ndinaona zala za bambo zakumapazi zikubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.