Mmene ndinaphunzirira kumva chigayo ndi dzanja

Ntchito ya pachigayo ndinaipeza ndi kukhosi kwangaku. Ndinali kugulitsa chimanga chootcha pamsewu pa Chinyunyu, ndipo ndikakuwa, anthu a m'basi anali kundimva basi isanaime. Tsiku lina baZulu, eni chigayo cha kuseri kwa msika, anaimika njinga yawo nati, "Iwe, mawu akowo akuonongeka pano. Ndifuna munthu womveka injini ikulira." Sukulu ndinalekeza Giredi 3, koma pepala sanafunse.

M'mawa umayamba kuona oilo ndi madzi a m'dramu loziziritsa injini. Uthira dizilo, upaka girizi, ukoka lamba kuona ngati wakungika, umanga sefa, kenaka upukusa handulo mpaka injini igwire. Koma chida chachikulu ndi khutu. BaZulu anati, "Chigayo chikakhuta chimabuula pansipansi ngati nkhunzi. Ukamva choncho, chepetsa chimanga." Zaka zambiri panalibe wondiposa, funsani aliyense. Lamba anali asanadukepo m'manja mwanga.

Imvi zitayamba, khutu la kumanzere linadzaza ngati mwalowa madzi posamba, kenaka linzake lomwe. Masiku ena chizungulire, dziko kuzungulira ngati ndamwa, chikhalirecho mowa sindiugwira. Chodabwitsa, mawu a azimayi, tambala, ngakhale nkhululu, zonse ndinali kumva bwinobwino. Koma mawu a amuna, kugunda kwa mvula ndi malole a pamsewu zinapita kutali. Sindinauze munthu. Ine, katswiri wa chigayo, ndinene kuti sindikumva?

Tsiku loipa linali Lachisanu. Amai Banda anabwera ndi matumba a chimanga cha ukwati wa mwana wawo, ukwati mawa lake. Ndinali kuthira uku ndikuwaseka kuti mkamwini wawoyo ndi woonda ngati mpini. Injini inabuula, ine osamva, ndingothirabe. Ndinangoona utsi wakuda ndi azimayi akuthawa. Lamba anaduka, thwa! kukamenya malata.

"Mudala, mwagontha kodi?" anakuwa amai Banda. "Alendo anga adzadya chimanga chosagaya?"

"Ndikukumvani bwino, amai!" Ndipo sindinaname.

BaZulu anafika akutuluka thukuta. Tinasoka lamba ndi waya, iwo nkugaya okha, ine nditaima pambali ngati mlendo. Ufa wa ukwati unatha kugayidwa dzuwa likupendeka. Atazima injini anati, "Ngati chigayo suchimva, ndikusungirenji? Pita kuchipatala, ukabwera tidzaona."

Lolemba ndinakwera minibasi kupita kuchipatala cha ku Mpanshya. Ndinauza adokotala kuti chigayo chandipha makutu. Iwo anati phokoso limayamba kulanda mawu oonda ngati a azimayi, koma ine ndataya onenepa ngati a amuna, ndiye mlandu suli wa chigayo chokha. Anati zotere zimadza ndi madzi otsalira kuseri kwa ng'oma ya khutu pambuyo pa chimfine, kapena kafupa ka m'khutu kakauma, kapena za kumtundu. Zanga, poona chizungulirecho, anati ndi madzi ochuluka m'kati mwenimweni mwa khutu. Anandipatsa mankhwala nati ndichepetse mchere.

"Nsomba za kapenta zopanda mchere, adokotala? Ndalakwanji?"

Anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenaka anamenya kachitsulo ka mphanda nakaika pamphumi panga. Abale, kunjenjemera kwake kunayenda m'fupa mpaka m'mano! Njira yonse yobwerera ndinali kuganiza kachitsulo kaja.

Nditafika ndinati, "BaZulu, ndiyeseni." Ndinamanga nsalu kumaso, chikhatho ndinaika pachitsulo chimene chigayo chakhalapo, iwo nkumathira. Poyamba chitsulo chinanjenjemera mosalala. Atathira mwadala kwambiri, chinayamba kugunda molemera m'dzanja langa.

"Chakhuta!" ndinakuwa, mpaka mbuzi za panja zinabalalika.

Anayesa katatu, katatu konse ndinawapambana, iwo ndi makutu awo awiri abwinowo. Anavula chipewa nati, "Vala ovolosi, mudala." Azimayi a pamzere analuluta ngati ukwati wachiwiri. Ndinagaya zaka zina zambiri, dzanja limodzi pachitsulo, lina pachimanga.

Chimene ndinasunga ndi ichi: chimene chinadula lamba si khutu, ndi kubisa kwanga. Ukaona kuti akazi ako ukuwamva koma lole ikukudzidzimutsa pamsewu, usayembekeze utsi wakuda. Kwera minibasi, ukanene.