Dzenje Limene Estele Anakumbitsa

Belu la ku esiteti ya tiyi linalira sikisi koloko Estele ali pa ulendo wachitatu wotungira madzi anthu okumba manda. Unali mwezi wa Okutobala mu 1956, nthaka ili gwa, ndipo amuna asanu aja ankakumba pa mawu ake.

Estele anabadwira kutsidya kwa Muloza, nafika ku Chinakanaka ali kumsana kwa mayi ake. Dzinja ankathyola tiyi, chilimwe ankagulitsa masamba pakhonde la sitolo ya a Ratilal, mmwenye wa pamalopo. Ndi pomwe anadziwana ndi a Maniben, mayi awo a eni sitoloyo. Mayiwo atafa ziwalo mbali imodzi, Estele ndiye ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwapesa kwa zaka zinayi. Palibe anamutuma. Anangoona kuti mpongozi wawo, wa ana atatu aang'ono ndi sitolo yomwe, sangathe yekha.

Choncho a Maniben atatsirizika dzulo lake, mwana wawo ali ku Limbe kukaoda katundu, Estele sanafunsenso munthu. Anali ataonapo amwenye achisilamu akufulumira kuika maliro, ndipo kwa iye mmwenye anali mmwenye. Anakapempha malo kwa eni manda, nayenda khomo ndi khomo kuitana adzukulu. Winston, mkulu wa adzukuluwo, anajomba ku esiteti chifukwa cha maliro amenewa.

Lole ya a Ratilal inatulukira dzenje litafika m'khosi. Atamva, anapita okha kumandako, nathokoza aliyense pomugwira chanza. Kenaka ananena motsitsa mawu kuti iwo ndi Ahindu, saika m'manda. Mtembo apita nawo ku Blantyre kukautentha.

Makasu anaima.  Zotentha zimene Estele ankadziwa ndi zinyalala ndi galu wachiwewe, osati munthu amene dzulo lomweli anamudzoza mafuta.

"Bwana, analakwanji mayi anu?" anafunsa. "Nanga tsiku lomaliza adzadzuka ndi chiyani?"

A Ratilal, maso ali psuu, anafotokoza mosathamanga. Anati chimene Estele ankasambitsa chija ndi nyumba chabe, ngati za pa layini ku esiteti, zimene munthu amatulukamo nyengo yake ikatha. Mwini wake weniweni safa. Amakabadwanso kwina atasenza zonse anachita, zabwino ndi zoipa, zimene kwawo amati karma. Amazungulira chotero mpaka tsiku limene adzamasuke.

"Chimenecho ndicho ankapempherera, mayi Estele. Safuna kudzuka. Akufuna asadzabwerenso."

 Zaka zonsezo Estele ankawamva a Maniben akung'ung'udza pemphero m'mawa uliwonse, kamkanda kali m'dzanja lamoyo lija, iye n'kumayesa akupempha kuchira. Ankawavomerezanso ndi ameni.

Lole itanyamuka, adzukulu sanabalalike. Dzenje la manda silikwiriridwa lopanda kanthu. Likatero limadzisankhira lokha munthu pamudzi. Winston anapukuta khasu lake pa udzu, nati amene anawaitana ndiye adziwe choikamo, dzuwa lisanapendeke. Onse anayang'ana Estele. Wina anawerenga mokweza mayina a ana odwala m'mudzimo.

Njira inalipo imodzi, ya makolo: kugoneka thunthu la nthochi m'malo mwa mtembo. Koma Estele analibe nthochi, ndipo ambiri amene anali nazo sakanafuna kuti za pakhomo pawo zikalowe m'manda. Anatula ndowa, nalunjika kwa Anesi, mnansi wake amene anali ndi nthochi, mayi wa Mvano amene ankadana nazo zoterezi. Anamupeza akupeta nandolo. Anagwada chapatali, nkhani yonse naifotokoza osabisa kuti wolakwa ndi iye.

"Achemwali, ndipatseniko thunthu limodzi, lotalika ngati munthu. Ndidula ndekha, ndisenza ndekha. Inu kumandako musafikeko."