Tsiku limene patapata anakana kulowa

Izi n'zoona abale anga, wokayika abwere kuno ku Tafara ndidzamuonetse chipsera cha pamimba panga ndi mwana amene anatulukira pamenepo, panopa akuthamangitsa nkhuku za alandilodi. Zinayamba ndi patapata. Mimba yanga yachiwiri ili ndi miyezi isanu ndi itatu, m'mawa wina ndikuti ndivale ndithamangire kombi, minibasi zathu zija, ya kumsika wa ku Mbare kukaoda tomato, phazi likukana kulowa, latupa ngati banzi. Mutu ukugunda, m'maso mukuthwanima tinthu ngati ziphaniphani, koma tomato amadikira munthu? Ndinavala nsapato za amuna anga n'kupita.

Pa tebulo langa la tomato pankagula mayi ena achikulire, azamba a pakiliniki yathu. Ambiri ankawayesa Mshona, koma ine ankandilankhula Chichewa chenicheni, poti nawonso anakulira kumapulazi a fodya ngati makolo anga. Tsiku limenelo, Lachinayi, sanayang'ane tomato, anayang'ana nsapato zija. Anawerama n'kudinikiza chala pamwendo panga, kadzenje kanatsala pomwepo osabwerera. Anandiuza kuti mawa m'mawa akandipeze kusikelo, ndisalephere. Ndinavomera ndi pakamwa pokha, poti sikelo ndinali nditaisiya kalekale, mwana woyamba ndinabereka bwinobwino, ndiye ndinkati ndikataye tsiku pamzere chifukwa chiyani?

Kunyumba apongozi anga atangoona mapazi anagwira pakamwa, amvekere uwu ndi mdulo. Kwathu timamva kuyambira tili ana kuti mwamuna akayenda kunja mkazi ali woyembekezera, mkaziyo amatupa. Amuna anga amagwira ntchito kumafakitale a ku Workington, masiku amenewo ankafika mochedwa, ankati makombi akuvuta. Apongozi anati mdulo suchizika kuchipatala, mankhwala ake n'kuulula basi, ndipo anaitanitsa amalume a amuna anga ku Mabvuku kuti abwere Lamlungu masana.

Lamlungu akuluakuluwo anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, amuna anga pakati, akulumbira mpaka kulira kuti sanagonepo ndi wina, amalume akungobwereza kuti aulule mkazi asafe. Ine ndili gone pamphasa m'nyumba, chitseko chotsegula, pansi pa nthiti pakubaya ngati mpeni, mwana wanga wamkazi waima pafupi koma nkhope yake sindikuiona bwino, ndikungoona chifunga. Mukudziwa zimene ndinachita? Nanenso ndinakuwa kuti aulule, akundipha. Mpaka lero manyazi amandigwira.

Pamenepo ndinamva kuodira pageti. Azamba aja, ali mu yunifomu ya kutchalitchi, anapeza tebulo langa lili chadodolido kwa masiku atatu, n'kufunsa njira. Sanalowe ndi ukali ayi, anagwada, anapereka moni kwa aliyense, n'kupempha aulemu kuti aone kaye wodwala. M'chikwama, pambali pa buku la nyimbo, munali kamakina koyezera bipi. Anandimanga pamkono, anapopa, anayang'ana, anapopanso kachiwiri, ndipo ine ndinawayang'anitsitsa pankhope, ndinaona milomo yawo ikuuma.

Anatuluka n'kugwadanso. Sananene kuti mdulo kulibe. Anati mlandu ndi wa akuluakulu, aupitirize mmene akufunira, koma mlandu ukhoza kudikira mpaka mawa pomwe mayiyu safika madzulo, magazi akuthamanga moti akhoza kugwa khunyu, iye ndi mwana apitire limodzi. Kenako ananena za mayi awo, kuti anafera pamphasa pobereka kukomboni ya pulazi akuwafunsa maina a amuna amene ankati anagona nawo, chikhalirecho mkazi wa mzungu akafuna kuchira ankapita kutauni pagalimoto, ndipo n'chifukwa chake iwo anaphunzira uzamba. Apongozi anga ndiwo anayamba kudzuka, anamanga okha zitenje zanga m'kampukutu.

Tinakwera kalole ka aneba konyamula masamba. Zapanjira sindikumbuka, ndimangomva kuti ndinayamba kuphupha, maso atatembenuka, azamba atandigoneka cham'mbali, dzanja lina atagwira mutu wanga, lina foni, akuuza a kukiliniki kuti akonzeretu jekeseni. Anakweranso nane ambulansi mpaka kuchipatala chachikulu. Ndinatsitsimuka atandipanga opaleshoni, kamnyamata kochepa ngati botolo la mafuta ophikira kali pachifuwa panga, kakupuma, kamoyo! Amuna anga anali pakhomo la wodi, maso ali psuu, ndinawapepesa pomwepo anthu akuona.

Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti si ine ndekha. Pamzere wa pamjigo amayi angapo ali ndi nkhani yawo ya azamba amenewa, wina anamutola pamsika, wina m'kombi. Akuti zaka zonse zimene agwira ntchito amayenda maso ali pamapazi a amayi, ndipo anamwino achitsikana amene amawaphunzitsa amawaletsa kukalipira mayi wochedwa kusikelo, akuti ukamukalipira mawa sabweranso.

Za mdulo sinditsutsana ndi akuluakulu, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti masana aja tikanadikira kuulula, ana anga akanaleredwa ndi ena, winayo sakanaoneka n'komwe. Ndiye mayi mnzanga, ukaona nsapato zikukana, mutu ukugunda, m'maso muli ziphaniphani, pita kusikelo tsiku lomwelo, a milandu akupeze komweko.

Panopa ndili ndi mimba yachitatu. Nditangodumpha mwezi ndinakalembetsa kukiliniki ndisanauze ndi apongozi omwe, khadi limakhala m'thumba la epuloni pamodzi ndi chenji, ndipo m'mawa uliwonse ndisanavale patapata ndimadinikiza chala pamwendo. Tsiku la sikelo pa tebulo la tomato pamakhala apongozi anga, ndipo ndikachedwa kunyamuka ndi iwo amene amandithamangitsa.