Kukatapa Dothi la Bambo ku Girisi

Ndinanyamuka kwathu ku Mabutweni Lachiwiri m'mawa, m'chikwama muli botolo la jamu lopanda kanthu. Bambo anamwalira ku Girisi zaka zinayi zapitazo. Anapita kumeneko ndi Mgiriki amene ankamuphikira, nkhondo ya ufulu itatsala pang'ono kutha. Ife anatisiya. Sukulu ndinalekezera Fomu 2 chifukwa cha iwo, choncho musayembekezere misozi pano.

"Ukatape dothi la pamanda," amayi anandiuza titatsika basi pa depoti ya Egodini. "Ukawatchule dzina, uwauze kuti tiyeni kwathu. Dothilo likapanda kubwera, ine zakudazi sindivula."

Popita ku Harare ndinalipira madola asanu ndi limodzi, pa basi yodzaza nkhuku. Tikiti ya ndege anatumiza Adona Eleni, mkazi wa Mgiriki uja, amenenso ndi wamasiye tsopano. M'ndege anatipatsa chakudya chosakwana ndi mwana yemwe. Ku Atene ndinakwera basi ina, maola anayi, mapiri okhaokha. Mayi wina pambali panga anandipatsa zipatso za azitona. Ndinalavulira m'manja. Anaseka mpaka kutsokomola.

Tinafika masana. Nyumba zoyera, nyanja ili phee, sitolo zonse zotseka. Anthu anali atagona. Kwathu wogona masana timamuti lova. Kuno ndi tauni yonse. Madala awiri okha anali pakhonde, akumwa khofi m'tikapu tonga ta zidole.

Adona anandilandira ndi Chilapalapa, chinenero cha mabwana ndi antchito. "Wena pikinini ka lo Jemusi?" Ankafunsa ngati ndine mwana wa Jemusi, bambo anga. Anandigwira masaya, akulira.

M'mawa mwake tinakwera kumanda. Anandilozera malo. Pamtanda panali chithunzi cha mayi wokalamba wa mpango wakuda.

"Awa ndani?"

Anafotokoza mwachifatse, ngati nkhani wamba. Kuno malo ndi ochepa. Pakatha zaka zitatu amafukula mafupa, kuwatsuka ndi vinyo, n'kuwasunga. Mandawo amaikamo wina. Mafupa a bambo anawatsuka okha, ndi manja awo, monga anachitira ndi a amuna awo. Kwa iwo unali ulemu.

Anandilowetsa m'kanyumba kuseri kwa tchalitchi. Mabokosi achitsulo anali mbwee m'mashelefu. La bambo linali pansi penipeni, lolembedwa Jemusi basi, lopanda Phiri.

Ndinatuluka ndi botolo langa. Ndikanatapa pamanda paja, ndikanabweretsera amayi gogo wachigiriki m'nyumba. Ndikanatapa paliponse, amayi sakanadziwa, koma ine ndikanadziwa.

"Bokosilo ndinyamula," ndinatero.

"Mapepala ake ndi ovuta, mwana wanga."

"Ndidikira."

Ndinadikira masabata atatu, ndikuyenda m'maofesi otseka masana, ndikudya nsomba zokazinga ndi buledi wouma. Nyanjayo sindinaipondemo.

Tsiku lobwerera ndinakana kuti bokosi liikidwe pamodzi ndi masutukesi pansi pa basi. Dalaivala anakalipa m'chinenero chake, ine m'changa. Ndinaliika pamiyendo. Linali lopepuka kuposa thumba la ufa laling'ono, munthu amene ndinamusenza mumtima zaka zonsezi.

Basi itayamba kuyenda, ndinawerama.

"Bambo, a Phiri, ndine Dausi. Sindinakukhululukireni. Tiyeni kwathu, amayi akudikira."