Mankhwala a Galu Wosadwala

Mkazi wanga atamwalira, pakhomo tinatsala awiri, ine ndi galu. Ndinkakhoma mipando ku Kawale, kuseri kwa msika. Galuyo ankagona pa utuchi pansi pa benchi. Sindilankhulalankhula. Iyenso sankauwa pachabe. Tinkamvana.

Dzinja lina anayamba kutsokomola. Akayenda pang'ono, wakhala pansi, lilime panja. Nthiti zinaoneka koma mimba inatupa.

Mnzanga wowotcherera zitsulo anamuyang'ana.

"Njoka za m'mimba izi, achimwene. Mugulireni mapiritsi."

Ndinagula. Njoka zinatulukadi. Chifuwa sichinasiye.

Ndinaganiza zopita naye kwa dokotala wa ziweto m'tauni. Kondakitala wa minibasi anandiimitsa pachitseko.

"Madala, bwana wanuyu alibe mpando muno."

Anthu anaseka. Ndinabwereka wilibala, n'kuyala thumba, n'kumukankha mpaka kukafika.

Dokotalayo anali mayi. Anamvetsera pachifuwa, anatenga magazi, n'kulowa mkati. Ndikudikira, ndinkayang'ana pa shelefu. Panali mabokosi okhala ndi zithunzi za agalu onenepa. Mtima unakhala pansi. Mankhwala alipo.

Atatuluka anati, "Bambo, galu wanuyu ali ndi njoka mumtima."

"Mumtima?"

"Eya. Zimabwera ndi udzudzu."

Sindinamvepo zimenezo. Ndinkadziwa kuti udzudzu ndi wa malungo, wa anthu. Kwathu kuli ngalande yosauma, udzudzu umachita kulira ngati makina. Ine ndinkagona m'neti. Iye panja.

Ndinaloza pa shelefu.

"Amenewo ndi a njoka zomwezi?"

"Inde. Awa ndi mapiritsi a mwezi ndi mwezi. Awa ndi odonthezera pakhosi."

"Amphamvu ndi ati? Ndipatseni amenewo."

Anapukusa mutu.

"Onsewa ndi oteteza. Amamwa galu wosadwala."

Ndinaganiza kuti akundiseka. Chibadwire, mankhwala ndimawadziwa kuti ndi a wodwala. Ndani angamwetse galu wothamanga bwinobwino mapiritsi?

"Wosadwalayo a chiyani?"

"Ali ngati neti, bambo. Neti sichiza malungo amene alowa kale. Ndipo uyu mukamupatsa mwachisawawa, akhoza kufa lero lomwe."

"Nanga ochiza?"

"Pano tilibe. Ngakhale atapezeka, mtima wakewu watha."

Ndinaimabe, maso pa mabokosi aja. Ndinafunsanso kuti abwino ndi ati, mapiritsi kapena odontheza. Sindikudziwa chimene ndinafunsira. Mayiyo anayankha mofatsa kuti onse ndi abwino, ndikadzapeza galu wina ndidzabwere akadali mwana.

Sindinkafuna galu wina.

Pobwerera wilibala inkalemera. Galuyo anatsamiritsa mutu pa chitsulo, akundiyang'ana.

Kunyumba ndinatsegula sutikesi ya malemu mkazi wanga. Munali neti yake yakale, yosokedwa pawiri ndi ulusi wakuda. Ndinakhoma misomali pa benchi, n'kuimangirira. Galu ndinamugoneka mkati.

Mnzanga uja anasuzumira pampanda.

"Achimwene, mwayamba misala? Galu m'neti?"

Zimene ananena dokotala ndinazimva bwino. Koma manja anga ankafuna chochita.

Galuyo anakhala m'netimo masiku angapo. Udzudzu sunamulumenso. Anafa masana, ine ndikupala thabwa pamwamba pake. Ndinazindikira chifukwa kutsokomola kunasiya.

Ndinamukulunga mu neti yomweyo. Dothi la kuseri linali lofewa ndi mvula, khasu silinavute.